Mpweya wa Dzanja Limodzi

Ndikakumbukira a Mbewe, m'mphuno mwanga mumadzaza fungo la palafini ndi la mtovu wosungunuka, kenako m'khutu mumabwera kaphokoso kaja kamene kankatidzutsa m'bandakucha m'miyezi yozizira: khwee, khwee, kawaya kakukanda khoma kunja kwa nyumba, pamwamba pafupi ndi denga. Nthawi imeneyo tinkakhala pa Nathenje, m'nyumba ya aphunzitsi ya njerwa zowotcha, chifukwa bambo anga ankaphunzitsa pa pulayimale. Nyumba zimenezo anazimanga ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa zenera lililonse, koma panalibe banja limene linkatisiya totsegula. Aliyense ankatitseka ndi nsanza, zidutswa za masaka kapena mapepala akale. Ukafunsa, ankati n'chifukwa cha mphepo. Ngakhale ine mwana ndinkadziwa kuti si mphepo yokha ayi. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene mawu otulukira pakabowo ankatha kum'fikitsa munthu kumene sakabwerako, ndipo akuluakulu akamanena za dziko ankatsitsa mawu ngati ali pasiwa.

Kukacha tinkapeza nsanza zathu zili pansi, zanyowa ndi mame. Ukafulumira kusuzumira pazenera, unkawaona akulowera ku nyumba yotsatira: munthu wamtali, wowonda, wovala chijasi chofika m'maondo, m'dzanja muli sipoko ya njinga yopindidwa kunsonga ngati ngowe. Sankagogoda, sankapereka moni. Ankangokowa nsanzazo, n'kuima kaye phee mutu atapendeketsa, kenako n'kumapita. Pa Nathenje ponse ankawatchula kuti a Makutu.

Kale anali mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina. Tsiku lina anadzatengedwa ali m'kalasi, choko chili m'manja, ndipo anthu anawalira ngati akufa. Patapita zaka anangoti balamanthu, manja ndi miyendo zonse zili bwinobwino, ndiye mlandu wawo unali umenewo. Anthu ankati wobwerako wamphumphu ndiye kuti wagulidwa. Panalinso china choipirapo. M'chisanu chomwe anatengedwacho, akazi awo ndi mwana wawo wakhanda anapezeka atafa m'nyumba kwawo cha ku Mitundu, chitseko chokhoma m'kati, thupi lopanda bala, atafunda bwinobwino ngati ali m'tulo. Ena ankati anawapereka nsembe kuti iwo apulumuke. Choncho theka la Nathenje linkati ndi kazitape, theka lina linkati ndi mfiti, ndipo amayi anga, posafuna kuluza, ankakhulupirira zonse ziwiri.

Koma mfiti imeneyi ndi yokhayo imene inkadziwa kukonza pulayimasi, zitofu zija za palafini, ndi nyali zagalasi. Pulayimasi yathu itayamba kutsokomola utsi, amayi anandisenzetsa ine ndi malamulo atatu.

"Esinati, usakalowe m'nyumba, usakadye kanthu, ndipo akakufunsa za kuno uziti sindikudziwa. Wamva?"

Ndinapita. Ankakhala m'kanyumba ka udzu kuseri kwa chigayo, pafupi kwambiri ndi kwathu, ndipo ndi nyumba yokhayo imene ndinaiona yopanda chotsekera pazenera, chisanu chonsecho. Pakhonde panali thabwa lodzaza mabotolo opanda kanthu koma otsekedwa ndi phula. Anzanga kusukulu ankati m'menemo ndi mmene amasungamo mpweya womaliza wa anthu akufa. Ndinayesetsa kusawayang'ana, koma maso alibe mpanda.

"Ukuwaopa?" anandifunsa osadzutsa mutu. "Ukuganiza kuti muli chiyani?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Wayankha bwino. Ambiri amati mulibe kanthu, ndipo amenewo ndiwo amafa."

Koma mphunzitsi ndi mphunzitsi, ngakhale umulande choko. Akuchokocha pulayimasi ija, anandiuza kuti ndikhale pa chitsa, n'kutenga kanyenyeswa ka kandulo, kukaimika m'mbale ya madzi, kukayatsa, n'kukavindikira ndi botolo la kukamwa kwakukulu. Lawi linavina pang'ono, linafupika, n'kuzima lokha popanda woliuzira. Madzi a m'mbale anayamba kukwera m'botolo mwakachetechete ngati pali wina akuwayamwa.

"Si ufiti," iwo anatero. "Moto umadya, ndipo chakudya chake chili mumpweya. Chikachepa, umafa. Kandulo ndi waulemu, amangozima. Makala ndiwo alibe ulemu."

Kuyambira tsiku limenelo pulayimasi yathu inkawonongeka kawirikawiri, ndipo ikapanda kuwonongeka ndinkapeza nyali ya kwa aneba yoti ndikawakonzetsere. Mantha sanandithere ayi. Ndinkapita ngati mmene mwana amapitira kukasuzumira m'chitsime chakuya.

Anandiphunzitsa ndi nyemba ndi chimanga, atayala pathabwa. Ankati chinthu chilichonse, khala ngakhale mpweya, n'chopangidwa ndi timbewu ting'onoting'ono tosaoneka, tochuluka moti anthu onse a m'dziko atati awerenge mpaka imvi sangathe. Ndiye anthu a sayansi sawerenga kamodzikamodzi. Amawerenga m'milu, monga amachitira amayi ogulitsa tomato pamsewu, kungoti mulu wawo, umene amautcha molu, uli ndi chiwerengero chimodzi chosasintha, kaya ndi wa makala kaya ndi wa mpweya. Za makala amadziwa mulu wake poyeza pasikelo. Za mpweya n'zosavuta: mabotolo awiri ofanana, ali pamalo amodzi, amakhala ndi timbewu tofanana kuchuluka, ngakhale muli mipweya yosiyana.

Kenako anatola khala longa dzira la nkhanga n'kuliika m'dzanja langa.

"Uwu ndi mulu umodzi. Kuti upse bwino ukufuna mpweya wa panja pano woposa theka la dilamu. Khala limodzi lokhali. Tsono werengera makala a m'mbaula yodzaza, ufunse kuti chipinda chotseka chili ndi madilamu angati."

Anaika nyemba imodzi pakati, chimanga chiwiri uku ndi uku. Nyemba inali kambewu ka khala, chimanga chinali mpweya wabwino uja timapumawu, okosijeni. Anati kambewu ka khala kali ndi manja awiri, ndipo kakagwira chimanga dzanja ili ndi ili, kamachoka kali kokhuta, kopanda chifukwa ndi munthu. Atatero anachotsa chimanga chimodzi.

"Koma mpweya ukachepa, kamagwira kumodzi kokha. Dzanja linali limatuluka lili lotambasula, likufunafuna chogwira. Likalowa m'chifuwa mwako limagwira magazi, ndipo silitaya. Mpweya umenewo ulibe fungo, ulibe utsi, sutsokomoletsa. Umangokupatsa tulo tokoma."

Ananena zimenezi akuyang'ana kumbali, kumene kunalibe munthu.

Tsiku lina anandionetsa timalawi ta buluu timene timavina pamwamba pa mbaula ikakhala panja. Anati pamenepo ndi pamene wa dzanja limodzi uja amapezera mnzake. Anandandalika mabotolo atatu.

"Mabotolo awiri a wa dzanja limodzi, kuphatikiza botolo limodzi la mpweya wabwino. Atuluka mabotolo angati?"

"Atatu, bambo." Ndinali mwana wa aphunzitsi, masamu sankandivuta.

"Awiri."

"Nanga lachitatulo lapita kuti?"

Anaseka, ndipo ndi tsiku lokhalo limene ndinaona mano awo. "Funso limenelo masiku ano silifunsidwa mokweza, mama. Koma silinasowe ayi. Lagawika, lalowa mwa anzakewo. Ukawaika pasikelo upeza kuti alemera."

Chisanu chotsatira kunabwera mayi anga aang'ono, a Rute, mng'ono wawo wa amayi. Anachokera ku Mitundu wapansi, kudzera m'madimba ndi m'minda ya fodya yokololedwa kale, mapazi atang'ambikang'ambika. Ankapemphera ndi mpingo umene unali woletsedwa chifukwa anthu ake ankakana kugula khadi la chipani. Nyumba yawo inali itatenthedwa, amuna awo atathawira kwina. Bambo atawaona pakhomo anagwira m'mutu, chifukwa mphunzitsi wopezeka akusunga munthu wotere ankataya ntchito, nyumba, mwinanso iye mwini. Amayi anangoti, "Chibale n'fupa, sichiwola," n'kuwalowetsa m'kachipinda ka kuseri kosungiramo chimanga, mmene munalinso nkhuku yathu ikufungatira mazira m'dengu.

Ine amayi anandigwira khutu. "Ukangotsegula pakamwa, wapha mayi ako aang'ono, waphanso bambo ako. Makamaka kwa a Makutu ako aja. Ukuyesa sindidziwa kumene umapita?"

Ndinasiya kupitako. Koma iwo sanasiye kubwera. A Rute anali atadwala chifuwa m'njira muja, chifuwa chouma chosamva kubisa, ndipo m'mawa uliwonse tinkamva khwee, khwee pakabowo ka kachipinda kaja, kenako chete wautali uja wa munthu amene waima akumvetsera. Amayi ankagwira pakamwa pa mng'ono wawo mpaka mapazi atamveka akupita. Akabwezera nsanza, mawa lake inali pansi. Anayamba kuwonda ndi mantha. Potsiriza anakanya dothi n'kumata kabowoko ndi mipata yonse ya zenera, kuti tione ngati sipoko ikowa dothi louma.

Kenako kunabwera uthenga woti mtsogoleri wa dziko adutsa pamsewu waukulu popita kummwera, ndipo aliyense woyenda ndi miyendo iwiri akaime m'mbali mwa msewu. Bambo anayenera kundandalika ana asukulu, amayi anayenera kukavina ndi amayi anzawo atavala nsalu ya chipani. Kunacha ndi mtambo wotsika, kamvula kowaza, ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. A Rute ankanjenjemera mano akugundana. Amayi anawayang'ana, chisoni chinawagwira, n'kutenga mbaula yodzaza makala oyaka pakhonde, kuilowetsa m'kachipinda muja.

"Amayi, a Mbewe amati makala m'chipinda chotseka..."

"A Mbewe ndiwo akulamula nyumba ino? Ukufuna afe ndi chisanu? Tibwera posachedwa."

Anatseka chitseko, anatsekera chisaka kunsi kwake kuti chifuwa chisamveke, n'kukhoma loko.

Posachedwa pa masiku amenewo panalibe. Tinaima pamsewu kuyambira m'mawa, timbendera tili m'manja, nyimbo zikubwerezedwa mpaka mawu kusasa. Anyamata achipani ankayendayenda ndi zikoti kuyang'ana amene wakhala pansi kapena amene akusuntha. Ine ndinkaimba pakamwa pokha. M'mutu ndinkawerengera madilamu. Dzuwa linafika pamutu kuseri kwa mitambo, galimoto osaoneka.

Ndinangomva fungo la palafini kumbuyo kwanga.

"Esinati," anatero motsitsa, maso ali kumsewu ngati sakulankhula ndi ine. "Mbaula yanu imakhala pakhonde. Lero sindinaione. Ili kuti?"

Kutsogolo kwanga, patsidya pa msewu, amayi ankavina akumwetulira kumwetulira kwa tsiku limenelo. Ndikanena, ndapereka a Rute kwa munthu amene Nathenje yonse inkati ndi khutu la boma. Ndikapanda kunena, ndawasiyira wa dzanja limodzi. Ndinali mwana wa sitandade faifi, ndipo ndinkafuna kungolira.

"Sindikudziwa, bambo."

"Chifuwa chija ndachimva kuyambira tsiku loyamba," iwo anatero. "Ndikanakhala wonena, bwenzi atabwera kale. Akazi anga anamatanso ndi dothi, mama, poopa makutu a anthu ine nditatengedwa. Mbaula ili kuti?"

"Ili momwemo. Anakhoma."

Anatembenuka n'kuchoka pamzere, masana poyera, anthu onse akuona, nthawi yomweyo imene kutali kumpoto kunayamba kumveka kulira kwa njinga zamoto zotsogolera. Wina anakuwa kuti, "Inu akulu, mukupita kuti?" Koma khamu linadzukira kutsogolo, ng'oma zinakolera, ndipo m'chipwirikiti chimenecho ine ndinawerama n'kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, kulowa kuseri kwa magolosale.

Sindinaionepo Nathenje ili zii ngati tsiku limenelo. Makomo onse otseka, popanda mwana, popanda wosinja, chigayo chili duu, nyimbo zikumvekera kutali ngati zochokera pansi pa nthaka. Nditafika kwathu ndinapeza zenera la kachipinda lathyoledwa, chitseko chili pansi ndi loko wake. M'katimo munali mofunda bwino, mopanda utsi, mopanda fungo lililonse. Makala ankangofiira psuu, opanda lawi. Nkhuku ija inali pamazira pake, mutu utagwera m'mbali mwa dengu, yofa.

A Mbewe anali atawakokera a Rute m'nthochi za kuseri. A Rute anagona chagada, nkhope yosalala ngati ya munthu amene akulota zabwino, milomo yofiirira mwachilendo. Ndinawaitana, osayankha.

"Akupuma," a Mbewe anatero, iwonso akupuma movutika. "Tenga lichero, uziwakupiza. Usaleke. Akasanza uwatembenuzire chammbali. Asalowenso m'nyumba mpaka madzulo."

Ndinakupiza mpaka mikono kuuma. Kenako tinamva mawu akubwera kuchokera kumsewu, mawu a anyamata angapo, akufunsana kuti mkulu wa chijasi uja walowera kuti. Ankabwera molunjika kwathu. A Mbewe anayang'ana a Rute, anayang'ana ine. Anasolola sipoko ija m'thumba la chijasi n'kuiponya pansi pa nthochi. Analowa m'kachipinda, ananyamula mbaula ija ndi nsanza m'manja, n'kutulukira kumaso kwa nyumba, kukakumana nawo kutali ndi ife, panjira ya ku chigayo.

Ndinkawaona pakati pa masamba a nthochi. Mphepo itawomba makala aja, timalawi ta buluu tinadzuka pamwamba pake.

"Mwachoka pamzere bwanji mtsogoleri akudutsa?"

"Ndinazizidwa, ana anga," anayankha mokweza, kuti aliyense amve. "Ndinati ndikabe moto kwa aphunzitsi. Kuimirira tsiku lonse kudikira galimoto, ine ndakalamba nazo."

Mawu otere, masiku amenewo, anali okwanira. Palibe amene anaganizanso zoyang'ana m'nyumba yothyoledwayo, poti wakuba anali atagwidwa kale, katundu ali m'manja. Mbaula inagwa, makala anamwazika m'matope akulira tsii. Sindinena zimene anawachita panjira paja. Ndinatseka maso, koma manja sanaleke kukupiza, ndipo ndili chitsekere choncho ndinamva a Rute akutsokomola. Sindinamvepo chifuwa chokoma ngati chimenecho.

Madzulo anthu ankauzana kuti a Makutu apenga, athyola nyumba ya aphunzitsi, ndipo awakweza galimoto. Amayi atamva zonse kwa ine anakhala pansi pakhonde, nsalu ya chipani ili m'chiuno, n'kulira mopanda mawu. Bambo anatenga mpeni, anakwera pampando, n'kugwetsa dothi ndi nsanza m'timabowo tonse ta nyumba yathu. A Rute atapezako mphamvu anawatulutsa pangolo ya ng'ombe, atawafunditsa mapesi, kulowera cha ku Diamphwe, ndipo kuchokera kumeneko anawolokera kunja kwa dziko. Anakhala ndi moyo, anadzabereka ana anayi, ndipo mpaka ukalamba wawo mutu unkawapweteka kukazizira.

A Mbewe sanabwerenso. Ulendo uno panalibe wowanena kuti agulidwa. Kanyumba kawo kanagwa ndi mvula ya chaka chomwecho, mabotolo aja ali chindandalikire pathabwa, popeza panalibe wolimba mtima kuwakhudza.

Koma chisanu chitabweranso, anthu a pa Nathenje anayamba kudzuka n'kupeza nsanza zawo zili pansi, zanyowa ndi mame. Ena analumbira kuti amva khwee, khwee m'bandakucha. Mantha anagwira mudzi. Amayi ena anaitanitsa mapemphero, ena anathira mchere pakhomo, ambiri anangosiya kutseka timabowo poopa kuputa mzimu wa a Makutu. Inenso ndinkagona nditafunda kumutu, mpaka m'mawa wina pamene ndinadzuka msanga kukatunga madzi, n'kukumana ndi bambo anga akulowa pakhomo la kuseri, nsapato zitanyowa ndi mame. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana. Kumkono kwa jekete lawo kunkasuzumira kansonga kopindika ka sipoko.

"Kwazizira lero," anatero.

"Kwazizira, bambo."

Sitinakambiranepo nkhani imeneyi mpaka iwo kumwalira. Nditafika ku sekondale, aphunzitsi analemba pabolodi za mabotolo awiri ndi limodzi lija m'zilembo ndi manambala, anzanga n'kumadandaula kuti molu ndi chinthu chovuta. Ine ndinaweramira padesiki, misozi ili chuchuchu, ndipo mnzanga wokhala naye ankayesa kuti masamu andikanika.

Sipoko ija ili ndi ine. Inachita dzimbiri, koma ngowe yake ikadali yolimba. Ana anga amandiseka kuti ndimagona zenera lili pululu ngakhale mu Juni, ndipo adzukulu akandiona ndikuzungulira nyumba za aneba m'mawa, maso ali m'mwamba, amati agogo ayamba zawo zija. Ndimawasiya aseke. Tsiku lija m'nthochi tinalipo atatu, tinatsala awiri, ndipo ndikudziwa kumene wachitatu anapita. Analowa mwa otsalafe ngati botolo lija, ndipo ndimamva kulemera kwake nthawi iliyonse ndikamakweza dzanja kukowa nsanza.